Phindu la mpunga: tigule puloti kapena libwerere mu bizinesi?

Funso: Ndine mayi wa ku Chibavi, ndimagulitsa mpunga wa Kilombero mumsika waukulu wa Mzuzu. Ndimaoda wopuntha kale kwa anthu amene amabwera nawo kuchokera ku Karonga, matumba 40 a makilogalamu 50 pa mwezi malonda akamayenda. Ndikawerengera ndimatsala ndi phindu la K300,000 pa mwezi. Bambo a kunyumba akuti tizisunga ndalamayi kuti tigule puloti ku Mchengautuwa chifukwa lendi yatitopetsa. Ine mtima wanga uli pokulitsa bizinesi. Kodi kubwezera phindu mu bizinesi kuli ndi ubwino weniweni, kapena ndi mawu chabe a m'misonkhano?

Yankho: Mayi, zikomo polemba. Ubwino ulipodi, ndipo pa malonda a mpunga ndi waukulu kuposa pa malonda ambiri amene ndimawaona mu Mzuzu muno. Koma tisanayambe kulimbana za kumene K300,000 izipita, pepani ndiyambe ndi nkhani yowawa: ndikukayika ngati yonseyo ili phindu.

Amalonda ambiri amawerengera motere: thumba ndinaoda mwakuti, ndagulitsa mwakuti, ndachotsa transipoti ndi tikiti ya msika, chotsalacho n'changa. Masamu amenewa akanakhala olondola mitengo ikanamaima malo amodzi. Kwathu kuno siima. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti. Kumayambiriro kwa 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi mlingo woposa 30 peresenti pa chaka, ya zakudya ikuthamanga kuposa pamenepo. Zikatere, funso loyenera si lakuti thumba munaoda zingati, koma lakuti mukufunika zingati kuti muodenso thumba lina ngati lomwelo.

Tiyerekeze kuti chaka chatha thumba munkaoda K80,000 ndipo lero lafika K110,000. Manambalawa ndangoikapo, inu muike anu enieni. Matumba 40 chaka chatha ankafuna K3,200,000. Matumba 40 omwewo lero akufuna K4,400,000. Pa chaka chonse phindu lanu la m'kope ndi K3,600,000, koma K1,200,000 ya mmenemo mwini wake ndi matumba aja. Mukaichotsa n'kukagulira njerwa, mpamba wanu wakale ungokwanira matumba 29. Ndalama m'chikwama ziziwoneka zochuluka kuposa kale, benchi ikuchepa, ndipo simudziwa tsiku limene munayamba kudya mpamba. Ndiye kuyambira lero muziyeza bizinesi yanu ndi matumba. Pakutha pa mwezi lembani m'kope matumba amene ali pabenchi ndi m'nyumba, onjezani amene ndalama ili m'manja ingagule pa mtengo wa tsikulo. Chiwerengerocho chikamatsika, simunayambe n'komwe kukamba za kukulitsa.

Palinso china chimene sindikuchiona m'masamu anu, malipiro anu. Mumafika pamsika m'mamawa kukuzizira, mumaweruka dzuwa litalowa, Lolemba mpaka Loweruka. Mukanalemba mtsikana woti azikhala pabenchipo mukanamulipira. Dzilipireni inunso. Ikani ndalama yodziwika, tinene K100,000 pa mwezi, yotenga pa tsiku lodziwika, ndipo ndiwo, makala, yunifomu ya mwana ndi chopereka cha ku tchalitchi zizichokera mmenemo. Mpunga umene mumatapa kupita nawo kunyumba muziulemba m'kope ngati wagulidwa. Zikumveka ngati nkhanza kudzigulitsa mpunga wako womwe, koma makilogalamu awiri sabata iliyonse pomatha chaka akwana matumba awiri.

Ndalama za bizinesi zikhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena pa akaunti yakeyake ku banki kapena ku SACCO. Zimenezi zimathandizanso pa nkhani ya achibale. Maliro akagwa kumudzi, kapena alamu akaimba foni kuti fizi yavuta, simungakhale chete, ndipo sindikukuuzani kuti mukane. Koma mukakhala ndi malipiro mumathandiza kuchokera m'thumba mwanu, pamlingo umene thumbalo lingathe. Popanda malire amenewa aliyense wokuonani mukuwerenga ndalama pabenchi amayesa zonsezo n'zodya.

Tsono pa K3,600,000 ija tachotsa K1,200,000 ya matumba ndi K1,200,000 ya malipiro anu. Patsala K1,200,000, ndipo ngati m'kope mwanu muli mayina a anthu amene anatenga mpunga pa ngongole miyezi isanu yapitayo n'kusiya kudutsa pamzere wanu, chotsaninso imeneyo. Yotsalayo ndiye imene inu ndi bambo mukuyenera kukhalira pansi.

Ine ndikuti gawo lalikulu libwerere mu mpunga, makamaka zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, ndipo chifukwa chake chili mu mpunga momwemo.

Mpunga uli ndi nyengo. Alimi a ku Karonga, kaya a m'madambo a ku Kaporo kaya a m'masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya, amakolola wochuluka kuyambira cha mu Meyi mpaka Julayi. Nthawi imeneyo aliyense ali ndi mpunga, aliyense akufuna ndalama, mtengo uli pansi. Ikamafika Disembala anthu akuganiza za Khirisimasi, kenako Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitauma, mtengo umakhala utakwera. Munthu amene amakubweretserani wopuntha kale mwezi ndi mwezi amadya pa kusiyana kumeneku. Iye anagula mu Juni, inu mumagula kwa iye mu Januwale pa mtengo wa Januwale, n'kutsala ndi K7,500 pa thumba, ya thukuta loyeza kilo imodziimodzi tsiku lonse. Phindu lalikulu la mpunga lili pa kudikira, ndipo amatha kudikira ndi munthu amene ndalama yake siikumuthamangitsa.

Ndalama ya ngongole imathamangitsa. Magulu ambiri a banki mkhonde amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, ndipo amafuna ndalama ibwerere msanga kuti ena abwereke. Mutatenga K1,000,000 pa 20 peresenti kuti musunge mpunga miyezi isanu ndi umodzi, chiwongoladzanja chokha chingakwane K1,200,000, kuposa ngongoleyo. Mpungawo ungafunike kukwera mtengo kuposa kawiri kuti mungotuluka chimanjamanja. Ku banki n'kotsikirapo, koma mu Febuluwale 2024 Reserve inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo wamalonda wamng'ono akapita kukabwereka amapatsidwa chokwera kuposa apo, atafunsidwanso chikole. Za katapila sindinena n'komwe. Phindu lanu lilibe tsiku lobweza, silifuna chikole, ndipo mtengo ukachedwa kukwera palibe amene adzabwere kudzanyamula mipando ya m'nyumba. Malonda osunga mbewu amatheka ndi ndalama yotere yokha. Pamenepa ndi pamene phindu lobwezera limachita chimene ngongole singachite.

Mwina mukuti K1,200,000 ndi yochepa, singagule ngakhale mpunga wa mwezi umodzi. Zoona. Koma taonani mmene imayendera. Tiyerekeze kuti mwapita nayo ku Karonga mu Juni, mwagulitsa mu Januwale, ndipo mutachotsa zonse, kuphatikizapo kukwera kwa mitengo, yabereka K400,000. Juni wotsatira mukupita ndi K1,600,000 ija kuphatikiza K1,200,000 ya chaka chatsopano, zonse K2,800,000. Ikaberekanso pamlingo womwewo, chaka chachitatu mukukwera basi ya ku Karonga ndi ndalama yoyandikira K4,900,000. Mukanangosunga K1,200,000 chaka ndi chaka bwenzi muli ndi K3,600,000, imenenso mphamvu yake yakhala ikudyeka pamene simenti ndi malata zikukwera. Si chaka chilichonse chimene chidzayende chonchi, koma kusiyana kwa njira ziwirizi n'kumeneku: ina phindu la dzulo limagwira ntchito, ina limangogona.

Mukapita kokagula, gulani wa mankhusu. Umasungika bwino kuposa wopuntha, tizilombo sitiulowa msanga, ndipo mukamapuntha pang'onopang'ono malinga ndi malonda, kasitomala amapeza fungo la Kilombero lidakalipo. Koma samalani masamu. Makilogalamu 100 a wa mankhusu amatulutsa makilogalamu 60 kapena kupitirirako pang'ono a woyera, ndipo mwa amenewo mumakhala wosweka woti mugulitse motchipa. Onjezani ya chigayo, ya matumba, ya onyamula, ndi ya lole yokwera Chiweta, makilomita oposa 200 kudzafika kuno. Madeya musawasiye kuchigayo, oweta nkhumba ndi nkhuku amagula. Ambiri amene amalira kuti anataya ndalama pa wa mankhusu anayerekeza mtengo wa kilo ya wa mankhusu ndi wa kilo ya woyera ngati ndi chinthu chimodzi.

Pa thumba lililonse pisani dzanja mpaka pakati, musakhutire ndi wa pamwamba. Tengani njere zingapo, fikisani m'manja mankhusu achoke, nunkhizani, kenako lumani imodzi. Youma bwino imathyoka ndi kaphokoso pakati pa mano. Ikamangophwanyika mofewa, mpungawo sunaume, mukulipira madzi amene adzasanduke nkhungu m'nyumba mwanu. Yang'ananinso ngati njere zikufanana utali, chifukwa ena amasakaniza Kilombero ndi Faya kapena mitundu ina yotsika mtengo, ndipo mayi wa ku Katoto akangopsa kamodzi sabweranso, amakauzanso anzake. Musananyamuke pitani ku ofesi ya zamalimidwe mukafunse za chiphaso chogulira mbewu ndi mitengo yoyambira imene unduna walengeza chaka chimenecho, ndipo sikelo yanu ikhale yoyesedwa ndi a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Alimi anabedwa kokwanira ndi masikelo achinyengo a mavenda. Amene amayeza moona alimi amamukumbukira, chaka chamawa amamusungira mpunga.

Kenako pali nkhani ya posungira, imene ambiri amaiiwala mpaka lole itafika pakhomo. Mzuzu ndi wachinyezi. Mvula imachedwa kusiya, ndipo Juni ndi Julayi, nthawi yomwe mpungawo ukufika, kumakhala chifunga ndi mawawa. Matumba asagone pasimenti, asatsamire khoma. Khomani matabwa oti akhalepo, siyani mpata woti mpweya uzidutsa, tsekani mabowo a makoswe, onani denga. Ndalama yoyamba kubwezera mu bizinesi ikhale ya chipinda chimenechi, ngakhale zitatanthauza kugula matumba ochepa. Ndipo chaka choyamba musakhudze mpamba wa matumba 40 aja. Zaka zina mtengo sukwera monga anthu amayembekezera, makamaka zokolola zikachuluka kapena wina ukalowa wambiri kuchokera ku Tanzania. Zikatero mukhale mutaika ndalama imene mungathe kuidikira, benchi ya pamsika ikuyendabe.

Zina zonse zimene mungafune kugulira bizinesi muziziyesa ndi funso limodzi: chinthuchi chidzabweza ndalama yake pakatha miyezi ingati? Lembani pansi, osangoganizira m'mutu. Kamakina komatira mapepala a pulasitiki ndi mapaketi a kilo imodzi, awiri ndi asanu sikodula kwenikweni, ndipo mpunga wosankha bwino, wopanda miyala, wa m'paketi yokhala ndi dzina umagulitsidwa mokwererapo. A NASFAM akhala akugulitsa Kilombero wa m'paketi kwa zaka zambiri, umboni wakuti msika wake ulipo. Kuti mulowe nawo m'masitolo akuluakulu mudzafunika chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo amenewo amadzaona malo amene mukupakirira, choncho zimenezi ndi za mtsogolo pang'ono. Chimene mungachite chaka chino ndi kulembetsa dzina la bizinesi ku boma ndi kutenga TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Popanda mapepala amenewa sukulu yogonera konko, loji kapena chipatala sichingakupatseni oda, ngakhale mpunga wanu utanunkhira bwanji. Koma dziwiranitu kuti mabungwe otere amatenga katundu lero n'kulipira patapita mwezi kapena miyezi, ena atadulapo msonkho. Oda yaikulu yagwetsa amalonda ambiri amene analibe mpamba wodikirira cheke. Apanso chimakupulumutsani ndi phindu limene munasiya mu bizinesi.

Galimoto ndiye musaiganizire panopa. Ndimaiona kawirikawiri: munthu malonda angoyamba kuyenda, wagula kagalimoto, akuti ndi ka bizinesi. Kwa munthu wopita ku Karonga maulendo ochepa pa chaka, kulipira malo pa lole ya wina n'kotchipa kutali kuposa mafuta, matayala, inshuwalansi ndi makaniko, osanenanso masiku ogona pamzere wa mafuta. Chigayo chanuchanu nachonso chidikire mpaka mpunga wanu utachuluka moti chizigwira ntchito masiku ambiri pa mwezi. Kuwononga ndalama m'dzina la bizinesi sikusiyana ndi kuidya, kungoti kumabwera ndi lisiti.

Padzabweranso anzanu a zolinga zabwino. Wina adzati onjezani zitenje za ku Taifa, wina njinga yamoto ya kabaza, wina saluni. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Inu mukuudziwa mpunga, mukudziwa amene amagula, mukudziwa mwezi umene malonda amazizira. Pa kabaza mukayambira pa ziro, tsiku lonse mtima uli m'mwamba kuti mnyamata uja abweretsa zingati. Ngati mukufuna kuwonjezera chinthu, chikhale chimene kasitomala yemweyo angagule pabenchi yomweyo, monga nyemba.

Sungani kenakake kosakhudza, kokwanira lendi, malipiro anu ndi zolipira za pamsika kwa miyezi iwiri kapena itatu. Inde kwacha yogona imachepa mphamvu, koma mwana akadwala mu Okutobala, kandalama kameneka n'kamene kangakuletseni kugulitsa mpunga wa Januwale pa mtengo wa Okutobala.

Tsopano za puloti. Bambo sakulakwa, ndipo musawayankhe ngati munthu wosadziwa za ndalama. M'dziko limene kwacha ikugwa, malo amasunga mphamvu ya ndalama kuposa akaunti, ndipo mapuloti a mu Mzuzu sakudikira munthu. Kutopa ndi lendi n'kwenikweni. Kukhala pako, osaopa uthenga wa landilodi mwezi ukamatha, n'chinthu chimene sichilembeka m'kope koma chili ndi mtengo wake. Chimene ndikutsutsana nawo ndi ndondomeko yokha, choyamba n'chiti.

Puloti yopanda nyumba siithetsa lendi. Mudzakhala mukulipirabe lendi ku Chibavi kwinaku mukugula njerwa, mchenga, simenti, malata, matabwa, ndi kulipira amisiri, zonsezo kuchokera pa K1,200,000 pa chaka. Yendani ku Mchengautuwa konko kapena ku Zolozolo muwerenge nyumba zimene zinaima pa mawindo, udzu utamera m'zipinda. Ntchito yomanga ikayamba imakoka ndalama, chifukwa palibe amene amafuna kuona khoma likunyowa ndi mvula. Munthu amati ndingobwereka ya matumba asanu ndifolere, ndidzabweza, ndipo sabweza. Nyumba isanathe, chimene chinkabweretsa ndalama yomangira chafooka. Mukayamba mwalimbitsa mpunga, zaka zitatu zikubwerazi phindu lidzakhala lokwanira kuti mumange osaima.

Njira yapakati ilipo. Pa phindu lenileni lija, gwirizanani kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lizipita ku thumba la puloti, ndipo malipiro a bambo nawonso aziponyamo. Atatu otsalawo apite ku mpunga wa nthawi yokolola, chipinda chosungira ndi kandalama kosakhudza kaja. Muziwerengera kamodzi pa chaka, cha mu Malichi mutamaliza kugulitsa wosungidwa uja, osati mwezi ndi mwezi. Awonetseni bambo kope, matumba a chaka chatha ndi a chaka chino. Mwamuna amene amangomva kuti ndalama ili mu bizinesi osaona kanthu ali ndi chifukwa chokayikira. Akamaona matumba akuchuluka m'chipinda nkhani imasintha.

Kubwezera kulinso ndi polekera. Mukadzaona kuti thumba lowonjezera silikutha msanga, mpunga wa chaka chatha ukukumana ndi watsopano, kapena mwayamba kukongoza anthu osawadziwa bwino pofuna kuti katundu achoke, ndiye kuti bizinesi yakhuta pa msika umene muli nawo. Pamenepo mwina mupeze ogula atsopano, kapena mutembenuze magawo aja, atatu apite ku nyumba, limodzi litsale. Kuunjika mpunga umene sukugulidwa si kukulitsa.

Nthawi yogula puloti ikadzakwana, musapereke ndalama chifukwa cha kalata ya a mfumu a m'tauni kapena mboni ziwiri basi. Pitani ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ndi ku ofesi ya unduna wa za malo mukatsimikize kuti malowo ndi a ndani, ali pa mapu, ndipo sali m'njira ya msewu kapena m'dambo. Malo ena mu mzindawu ndi a Malawi Housing Corporation, ndipo pali anthu amene amagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri kapena atatu. Malo opanda mapepala banki siiwalandira ngati chikole, choncho sangadzakuthandizeni ngakhale tsiku limene bizinesi idzafune ngongole yaikulu. Ndipo popeza ndalama yambiri yogulira idzachokera pabenchi yanu, pa chikalata cha malowo palembedwe mayina anu nonse awiri.